Thirakitala ikamabwata ndi kuombera ngati mfuti, musathamangire kumasula injini

Mwezi wa Novembala chaka chatha, mitambo itayamba kusonkhana cha kumapiri a Viphya, bambo wina wachikulire amene amalima chimanga ndi nyemba cha ku Choma, kunja kwa mzinda wa Mzuzu, adandiitana kumunda kwawo. Nkhani yake idali ya mbewu. Ankafuna kudziwa ngati pali chimanga chocha msanga chimene angabzale mochedwa, popeza adali atataya chiyembekezo choti munda wawo ugaulidwa pa nthawi yake.

Nditafika ndidapeza chowatayitsa mtimacho chitaima pansi pa mtengo wa mapeyala. Idali thirakitala yaing'ono yotuwa ya mtundu wa Ferguson, yoyendera petulo.

"Alangizi, chitsulo ichi chandigwiritsa fuwa lamoto," adatero bambowo. "Ndikangolima theka la ola madzi abwata, kenaka chiyamba kuombera ngati mfuti, mphamvu n'kutheratu."

Bambowo adali atalandira kale ndalama kwa alimi anzawo asanu ndi mmodzi kuti awalimire. Makaniko wina wa m'tauni adali atachotsa themositati, kutsukitsa rediyeta ndi kuika mapulagi atsopano, koma osaphula kanthu. Tsono adawauza kuti chatsala n'kutsegula hedi ya injini, ndipo kuti ndalama za ntchitoyo zipezeke bambowo adali okonzeka kugulitsa ng'ombe yamkaka.

Alimi anzanga, matenda awiriwa, kubwata ndi kuombera, akabwera pamodzi kawirikawiri gwero lake limakhala limodzi: moto wa mapulagi ukuchedwa, kapena petulo akufika woperewera. Zonsezi mlimi angathe kuzifufuza pakhomo ndi sipanala, sikuludiraiva ndi maso ake. Lamulo lake ndi loti tiyambe ndi zotchipa, zodula zibwere pomaliza.

Chitsulo chamsinkhu umodzi ndi mzinda wathu

Mzuzu idayamba kukula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira esiteti ya mitengo ya tung ya Colonial Development Corporation, ndipo idakhala mzinda m'chaka cha 1985. Ferguson yotuwa, imene dzina lake lenileni ndi TE20, ndi ya nthawi yomweyo. Idapangidwa ku Coventry m'dziko la England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo adapanga zoposa 500,000. Ya petulo yokhala ndi injini ya kampani ya Standard imatchedwa TEA20, yolizira petulo n'kumayendera palafini ndi TED20, pamene ya dizilo ndi TEF20.

Kulimba kwake n'kosachita kufunsa. Pa 4 Januwale 1958, Sir Edmund Hillary ndi anzake adafika ku South Pole, kumalo a madzi oundana okhaokha, pa mathirakitala atatu a mtundu womwewu. Motero yanu ikamavuta musafulumire kuitcha chiphakasa. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandizanso pa Massey Ferguson 35 ndi 135 za petulo ndi mathirakitala ena akale okhala ndi kabuleta ndi mapointi.

Kutenthaku kumachokera kuti?

Pisitoni iliyonse imagwira ntchito zinayi motsatana. Imakoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imaufinya, pulagi imayatsa moto umene umakankha pisitoniyo, ndipo pomaliza utsi umatulutsidwa. Mwa mphamvu yonse ya petulo, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndi limene limakoka pulawo. Yotsalayo imasanduka kutentha kumene kumatuluka ndi utsi kapena kutengedwa ndi madzi kupita ku rediyeta.

Petulo sapsa nthawi imodzi, amatenga kamphindi. N'chifukwa chake pulagi iyenera kuyatsa pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Amakaniko amati imeneyi ndi taimingi. Moto ukachedwa, pisitoni imatsika petulo asanathe kupsa, ndipo valavu ya utsi imatseguka malawi adakalipo. Mphamvu imene ikadakoka pulawo imathera kuwiritsa madzi ndi kufiiritsa paipi ya utsi.

Chimodzimodzinso petulo akachepa mpweya n'kuchuluka. Msakanizo wotere umapsa mwaulesi ndipo umatenthetsa mavalavu. Nthawi zina moto umakhalapobe mpaka valavu yolowetsa itatsegukanso, n'kuyatsa petulo amene ali m'njira. Apa ndi pamene thirakitala imayetsemulira ku kabuleta.

Mverani kumene ikuombera

Musanagwire sipanala, imani pambali ndi kumvetsera. Ikamayetsemula kapena kulavula moto ku kabuleta, makamaka mukaonjezera moto kapena pulawo ikalowa pansi, ganizirani za petulo woperewera, mpweya wolowera pamalo osayenera, nthambo za mapulagi zosemphana kapena valavu yolowetsa yosatseka bwino.

Ikamaombera ku ekizozi, ndiye kuti petulo wosapsa akukayakira m'paipi. Izi zimachitika pulagi ikamadumphitsa moto, taimingi ikachedwa kapena valavu ya utsi ikapsa. Koma ngati imaombera kamodzi kokha pozimitsa, nthawi zambiri si matenda. Mwangoizimitsa ili yotentha ndiponso ili pa moto waukulu. Muziisiya ilire pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu musanazimitse.

Onaninso nthawi imene vutolo limayamba. Ngati m'mawa imalira bwino n'kudzayamba kudumphadumpha itatentha, kayikirani koyilo, kondensa kapena mavalavu othina.

Yambani ndi madzi ndi mphepo

Choyamba, chenjezo. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta madzi akubwata, nthunzi yake imasupula khungu. Musathirenso madzi ozizira m'injini yotentha chifukwa hedi imang'aluka. Dikirani izizire.

Yang'anani timipata ta rediyeta. M'chilimwe fumbi, mapesi ndi njere za udzu zimatseka timipatati, makamaka ngati pali oyilo wodontha. Ikani tochi kuseri, ndipo ngati kuwala sikukudutsa tsukani ndi madzi kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo. Kenaka dinizani lamba wa fani ndi chala pakati pake. Asalowe kupitirira masentimita awiri. Lamba wokhwepa kapena wonyezimira amaterereka, motero fani ndi pampu ya madzi sizizungulira mokwanira. Gwedezaninso fani. Ikamagwedera kapena pansi pa pampu pakamadontha madzi, pampuyo yatha.

Injini ikatentha zimitsani ndi kuyendetsa dzanja pa rediyeta. Iyenera kutentha kwambiri kumtunda ndi kumacheperachepera potsika. Malo ozizira pakati akusonyeza timapaipi totsekeka ndi matope kapena dzimbiri. Apa mlandu ndi wathu alimi. Timatunga madzi amatope kudambo, ndipo rediyeta ikamadontha ena timathiramo ufa, dzira kapena fodya wopera kuti atseke bowo. Zinthuzi zimatsekadi bowolo, koma zimatsekanso njira za madzi. Madzi a mvula osefa, osakaniza ndi mankhwala a rediyeta oletsa dzimbiri, ndiwo abwino.

Chitsekerero nachonso si chivindikiro wamba. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno madzi amabwata pa madigiri 96, pamene ku Nkhata Bay amabwata pa madigiri 98 ndipo kunyanja yamchere pa 100. Chitsekerero chabwino cha mapaundi 4, monga chimene chimakhala pa mathirakitala ambiri akale, chimapanikiza madzi kuti asabwate mpaka ataonjezera madigiri 7 ena. Mphira wake akatha, kapena mukatseka ndi chisanza ndi chitsononkho, mwataya madigiri amenewo.

Za themositati, anthu ambiri amakhulupirira kuti ndi ya kumaiko ozizira okha. Uku n'kulakwa. Pa injini zina themositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi, choncho mukaichotsa madzi ena amangozungulira m'injini osafika ku rediyeta. Komanso m'mawa wa Juni kuno ku Mzuzu injini yopanda themositati imachedwa kutentha, imamwa petulo wambiri ndipo imatha msanga. Iyeseni poiika m'poto wa madzi pamoto. Iyenera kutseguka madzi asanabwate. Ikakana gulani ina.

Petulo akufika wokwanira?

Nayi njira yachidule yodziwira. Injini itatentha ndipo ikuyetsemula, kokani choko pang'ono. Ikayamba kulira bwino ndiye kuti petulo akuperewera, chifukwa choko chimachepetsa mpweya.

Pa Ferguson thanki ili pamwamba pa injini ndipo petulo amangotsika yekha popanda pampu. Kanthu kakang'ono kangathe kumutchinga. Masulani kagalasi kamene kali pansi pa thanki, tayani madzi ndi zinyalala, tsukani kasefa kake. Tsegulani kabauti kokhetsera kamene kali pansi pa kabuleta ndi kutchera chitini. Petulo atuluke mosadukiza kwa mphindi yathunthu. Akayamba bwino n'kumachepa, paipi yatsekeka kapena kabowo ka mpweya ka pa chitsekerero cha thanki katsekedwa ndi fumbi. Ntchito imeneyi ichitike panja, injini itazizira, popanda wosuta fodya pafupi.

Kumbukirani kuti petulo wa lero si amene mathirakitalawa adapangidwira. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa idayamba ntchito, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale ina idatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Injini zakalezi zimayenda naye bwinobwino, koma ethanol amakoka chinyezi, amasungunula litsiro lakale la m'thanki ndiponso amafewetsa mphira wachikale. Thirakitala imene yaima miyezi isanu ndi petulo pang'ono m'thanki, m'nyengo ya mvula ndi nkhungu ya kuno, imadzuka ndi madzi ndi dzimbiri m'kabuleta. Choncho poimika kwa nthawi yaitali tsekani mpopi wa petulo ndipo isiyeni ilire mpaka izime yokha.

Ngati petulo akutsika bwino, tsukani kabuleta. Timabowo take tipemerereni ndi pampu ya njinga, osatokosa ndi waya chifukwa timakula. Kabuleta ya Zenith imene ili pa Ferguson zambiri ili ndi kasikuluwu koonjezera petulo. Tsegulani pang'onopang'ono, kota imodzi pa nthawi, mpaka injini ilandire moto popanda kuyetsemula. Ikayamba kutulutsa utsi wakuda mwapyola. Ena amafinya kasikuluwu aka pofuna kusunga petulo, osadziwa kuti akupsereza mavalavu.

Fufuzaninso mpweya wolowa mwakuba. Gasiketi ya pakati pa manifodi ndi hedi, kapena ya pakati pa kabuleta ndi manifodi, ikang'ambika imayamwa mpweya. Injini ikulira pang'onopang'ono, wazani madzi a sopo m'mbali mwa gasiketiyo. Kaliridwe kakasintha mwapeza wakubayo. Musaiwale sefa ya mpweya. Tsukani mbale yake ndi kuthira oyilo mpaka pa mzere, osapitirira.

Moto wa mapulagi

Masulani mapulagi ndi kuwaika mundondomeko. Pulagi yabwino imaoneka yofiirira ngati chikopa cha buledi. Yoyera mbee ikusonyeza kutentha kapena petulo wochepa, yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wochuluka kapena moto wofooka, ndipo yonyowa ndi oyilo ikusonyeza maring'i otha. Mpata wa pakamwa pake ukhale pakati pa 0.7 ndi 0.8 mm.

Nthambo za mapulagi zili ndi dongosolo lake. Pa injini ya Standard moto umayenda 1-3-4-2, ndipo silinda yoyamba ndi imene ili kufupi ndi rediyeta. Nthambo ziwiri zikasemphana thirakitala imalira ndithu koma imaombera kwambiri. Usiku yang'anani injini ikulira. Mukaona timoto tabuluu tikudumpha pa nthambo, nthambozo zatha.

Tsegulani chivindikiro cha disitibyuta. Mukaona mng'alu kapena kamzere kakuda konga ka pensulo m'kati mwake, moto ukusochera. Mapointi akhale osalala, ndipo akatseguka kotheratu mpata wake ukhale 0.38 mm, kapena kuti 0.015 ya inchi. Yezani ndi timapanga topyapyala timene amakaniko amati filageji, musayerekeze ndi maso. Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti kachidendene ka mapointi kakamadyeka mpata umachepa, ndipo mpata ukachepa taimingi imachedwa yokha popanda munthu kuikhudza.

Tsono gwirani rota ndi kuipotoza pang'ono kumene imazungulirira. Iyenera kusuntha ndi kubwerera yokha mukaisiya. Pansi pa mapointi pali tizitsulo tiwiri tokhala ndi masipuling'i timene timafulumizitsa moto injini ikamathamanga. Tikagwidwa ndi dzimbiri thirakitala imalira bwino itaima, koma pa ntchito moto umachedwa, madzi n'kubwata. Madontho awiri a oyilo pansi pa rota kamodzi pa nyengo amaletsa zonsezi.

Ma Ferguson oyambirira adali a batire la 6V. Ambiri adasinthidwa kukhala a 12V, koma ena adaiwala kusintha koyilo. Koyilo ya 6V pa batire la 12V imatentha, imapsereza mapointi ndipo imadula moto ikatopa. Ngati simungathe kuigwira ndi dzanja mutalima theka la ola, werengani zimene zalembedwa pa thupi lake.

Zonsezi zikakhala bwino, tcherani taimingi. Njira yoyenera ndi kutsata chizindikiro cha pa fulayiwilo monga buku la thirakitala yanu likunenera, poti muyezo umasiyana malinga ndi injini. Ngati buku palibe, lembani kamzere ndi msomali pamene disitibyuta ili, masulani bauti yake pang'ono ndi kuitembenuza pang'ono zedi motsutsana ndi kumene rota imazungulirira. Mangani ndi kukayesa m'munda. Ikamagogoda ngati misomali m'chitini pokoka, kapena ikamabweza poliza, mwapyola ndipo bwererani. Moto wofulumira kwambiri nawonso umatenthetsa injini ndi kuwononga mapisitoni.

Mavalavu ndi hedi zibwere pomaliza

Injini zakalezi zidapangidwa m'nthawi ya petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza pokhalira mavalavu. Maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara adasiya petulo wotere pofika kumayambiriro a 2006 kaamba koti mtovu ndi poizoni, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse, Algeria, lidasiya mu 2021. Popanda mtovu, valavu ya utsi ya injini yogwira ntchito yolemetsa ili yotentha imanka ilowa m'kati, mpata wake n'kumachepa mpaka kuleka kutseka. Choncho yezani mpatawu chaka ndi chaka injini ili yozizira. Pa TEA20 ndi 0.25 mm ku valavu yolowetsa ndi 0.30 mm ku valavu ya utsi. Ntchitoyi sifuna kutsegula hedi, mumangochotsa chivindikiro cha pamwamba.

Hedi itsegulidwe pokhapokha pali umboni. Umboni wake ndi uwu: thovu lotuluka mosalekeza m'rediyeta injini itangolira ili yozizira, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wosatha, madzi omangochepa popanda podontha, kapena silinda imene yapezeka yofooka poyeza ndi geji ya kompuresheni. Makaniko akakuuzani zotsegula hedi, m'pempheni mwaulemu kuti ayambe wayeza masilinda onse anayi inu mukuona.

Kalimidwe nakonso

Nthawi zina thirakitala ilibe mlandu. Injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse okwera, kutanthauza kuti kuno ku Mzuzu yataya kale pafupifupi 12 pa 100. Ferguson yotuwa idapangidwira pulawo ya makasu awiri. Kuimangirira ya makasu atatu m'dothi la katondo louma gwa mu Okutobala, pa giya yaikulu, ndi kuipha. Injini ikamalira molemedwa fani imazungulira pang'onopang'ono pamene kutentha kukuchuluka. Tsikani giya, chepetsani kuzama kwa pulawo, nolani makasu, ndipo limani m'mamawa ndi madzulo. Koposa zonse, gaulani mukangokolola nthaka idakali ndi chinyezi. Thirakitala sivutika, mapesi amaolerana m'nthaka, ndipo mvula yoyamba imakupezani mwakonzeka.

Musasakanize palafini wa nyale m'petulo pofuna kuti achuluke. Injini ya petulo imagogoda ndi kutentha, ndipo palafini wosapsa amatsikira m'oyilo.

Zimene tidapeza ku Choma

Ine ndidaphunzira za nthaka ndi mbewu, si umakaniko, koma ndidawapempha bambo aja kuti, "Adada, ng'ombeyo ibayembekezani, tiyambe taona zing'onozing'ono." Tidatsata ndondomeko yomweyi pamodzi ndi mdzukulu wawo amene amayendetsa thirakitalayo. Rediyeta idali yoyera, lamba adali bwino, oyilo adalibe madzi ndipo thovu lidalibe. M'kagalasi ka petulo mudali madzi ndi dzimbiri. Mapointi ankangotseguka pang'onong'ono, ndipo rota idali gwa, osapotozeka n'komwe. Thirakitalayo idali itagona panja dzinja lonse, ndipo tizitsulo tija tidali titamatirira.

Tidatitsuka ndi palafini, kutipala ndi sandipepa ndi kudonthezera oyilo. Tidatchera mapointi ndi taimingi, kutsuka kabuleta ndi kubwezera themositati imene idali m'thumba la zida. Chimene adagula ndi mapointi atsopano ndi chitsekerero cha rediyeta basi. M'mawa mwake thirakitala idalima mpaka dzuwa kufika paliwombo popanda kubwata. Minda isanu ndi iwiri yonse idagaulidwa, ngakhale iwiri yomalizira idabzalidwa mochedwerapo, ndipo ng'ombe ija ikadali m'khola.

Sikuti nthawi zonse zidzatha chonchi. Tsiku lina hedi idzafunikadi kutsegulidwa, ndipo pamenepo pitani kwa makaniko wodziwa injini zakale. Koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, yesani, ndipo lembani m'kope zimene mwachita. Ntchito yoyendera thirakitala ichitike mu Ogasiti kapena Sepitembala, pamene muli ndi mpata wofunafuna zipangizo m'masitolo a m'tauni ndi m'magalaja a ku Luwinga, osati mitambo itada kale ndipo anzanu ali pakhomo kufunsa za minda yawo.